Sevisi ya Tidzafika

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire m'chikho ngati ine ndine gonthi. Ndimakumvani anyamata inu mukamadutsa pakhomo panga n'kumaloza galimoto ili pa njerwa ija, wina amvekere ndi khola la nkhuku, wina amvekere a sekuru Layisoni, kunena ine gogo wanu, ubongo unapsera m'mabani limodzi ndi fodya. Chabwino, sekani, mano mukadali nawo. Koma khalani pansi kaye, mowa suthawa, ndikuuzeni za galimoto imeneyo, dzina lake Tidzafika, ndipo ndikawonjezera liwu limodzi lokha mphenzi indipeze pompano ngakhale kumwamba kulibe kamtambo.

Ine kuno ndinabwera wapansi kuchokera ku Dedza, makolo anu asanayambe ndi kupatsana moni komwe, ndipo njira inali yaitali moti pofika ku Glendale ndinapezeka nditafupika, msewu utadya mapazi anga mpaka m'akakolo, anachita kuphukanso ndi mvula yoyamba. Ndinayamba ndi kusonkha moto m'mabani owotchera fodya, kenako thirakitala, kenako wekishopu ya pulazi lino la ku Mvurwi, kumene ndinaphunzira kuti chitsulo chimalankhula ukachitchera khutu. Kumudzi ndinabwererako kamodzi kokha, kukatenga mkazi wanga Nachisale. Tsiku lonyamuka apongozi anga, amayi ake, analira mpaka bwalo linachita matope, ndipo ine ndinanjuta pakhonde nditayang'ana kumbali monga achitira mkamwini, n'kulonjeza kuti mwana wawo ndidzabwera naye ndekha, osati wapansi ayi, koma pa galimoto yangayanga, ndikuliza hutala kuyambira kumsewu. Iwo anangoti, "Ndidzamvera hutalayo." Mawu amenewo muwagwire, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Zaka zinapita ndilibe ndi wilibala yomwe. Kenako dziko lino litalandira ufulu, azungu ena anayamba kulongedza kulowera ku Joni, ndipo manijala wathu anandigulitsa pikapu yake yakale imene inali kuseri kwa shedi, udzu utamera m'matayala. Galimoto imeneyo inali itayenda, abale anga. Inanyamulapo bambo ake a mzunguyo, inanyamula feteleza, nkhumba, asilikali, mpaka piyano, ndipo mita yowerengera mtunda inali itazungulira kubwerera pa ziro kambirimbiri moti manambala ena anafufutika, ena anatopa n'kugona chammbali. Mukumva? Akanakhala munthu bwenzi ali ndi adzukulu a imvi. Ndinaikankha mpaka pakomboni, ndinatenga utoto wotsala polemba mabelo a fodya, n'kulemba kumbuyo kwake kuti TIDZAFIKA. Nachisale anaizungulira atagwira m'chiuno, anati, "Ndiye mwandibweretsera mkazi mnzanga wokalamba kuposa ine, bambo a Dorika?" Koma madzulo ake ndinamupeza akupukuta mpando wakutsogolo ndi kansalu konyowa.

Tsopano mverani, inu amene mumaganiza kuti galimoto ndi chiwongolero ndi wailesi basi. Galimoto yokalamba sifuna sing'anga, sifuna pemphero, imafuna sevisi, ndipo sevisi yanga inalibe inzake kuchokera kuno mpaka ku Chinhoyi. Ndinkayamba ndi oyilo, kumukhetsa injini ikadali yotentha, ndipo ndisanamutaye ndinkaviika chala n'kulawa, lilime n'kundiuza misewu yonse imene galimoto yadutsa: apa dothi lofiira la ku Mazowe, apa mchenga wa kuno, apa panali bulu wakufa m'mbali mwa msewu. Oyilo watsopano wa m'chitini anali wa azungu. Ine ndinkatenga wotsala m'mathirakitala n'kumusefa pa chipewa changa chakale, dontho limodzilimodzi, mpaka atayera moti amayi ena ankabwera ndi kapu kudzapempha wokazingira matemba. Kenako mapulagi, kuwamasula onse anayi, kuwawotcha pa moto wa bani kuti mwaye uchoke, kuwapala ndi sandipepa, mpata wake n'kuuyeza ndi chikhadabo ichi, onani, sindinachiwengepo chiyambire. Mpata wa mapointi, tizitsulo topereka moto ku mapulagi, ndinkayeza ndi kakatoni ka bokosi la machesi. Sefa ya mpweya ndinkaitsuka m'palafini, ndipo dothi lotulukamo Nachisale ankazirira nyumba yonse n'kugawirako anzake. Madzi a m'batire ankayenera kukhala a mvula, osakhudza denga, osakhudza tsamba, ndiye mvula yoyamba ikamagwa munkandiona ndikuthamanga m'munda ndi beseni, kuwakha madontho oyera okhaokha, akudawo n'kumawalewa.

Ladiyeta itayamba kudontha ndinathiramo fodya wopera kuti atseke timabowo, ndipo anatsekadi, koma taonani tsoka, Tidzafika inazolowera, m'mawa uliwonse inkakana kudzuka mpaka nditainunkhiza kafodya, iyetsemule kamodzi, ndiye n'kulira. Koma ikalira inkalira! Petulo sinkamwa, inkangonyambita, ndipo nthawi zina ndinkachoka ndi theka la thanki n'kubwera nayo itasefukira, kuchita kupungulira m'botolo.

Ntchito imodzi yokha ndi imene inkafuna anthu awiri, yochotsa mpweya m'mabuleki. Pamenepo Nachisale ankakhala pa chiwongolero, ine pansi ndi sipanala, n'kumafuula kuti, "Pondani! Gwirani pomwepo! Siyani!" Iye akuponda choncho ankakamba za kwawo, mbatata za kachewere m'mizere, nkhungu yotsika m'phiri, kanjira kokhotera pa mtengo wa mapichesi kulowa kwa amayi ake, ndi mmene adzatulutsire dzanja pazenera kuti anzake amene ankati wapita kukavutika ku Halale amuone bwinobwino. Mayi ameneyo ankaseka, anyamata, kuseka kochokera m'mimba, mpaka galimoto yonse kugwedezeka pa jeke ine ndili pansi.

Ndinali ndi lamulo limodzi limene sindikanaliphwanya ngakhale atandigwadira bishopu: ulendo wautali sindiuyamba ndi oyilo wakuda. Ku Dedza si kuseri kwa shedi. Pali Harare, pali Nyamapanda, pali mlatho wa Tete ndi dzuwa lake lija limene limawotcha mbuzi ikuyenda, ndiye galimoto ikakufera kumeneko uli ndi mkazi ndi katundu udzalirira ndani?

Chaka choyamba, fodya atagulitsidwa, nyengo yozizira imene bwana ankatipatsa tchuthi, ndinachita sevisi yonse bwinobwino. Nachisale analongedza sutikesi: bulangete la amayi ake, shuga, sopo, ndi chitenje chatsopano chobiriwira chimene anati adzavala tsiku lolowa m'mudzi lokha. M'mawa wonyamuka, ndikuti ndikhudze kiyi, anatulukira shamwari wanga Fulansisiko, munthu wa ku Tete, wa Katolika, amene tinkagwira limodzi ku wekishopu, thukuta lili kamukamu. "Achimwene, kunyumba sikuli bwino, mwana wapingasa, azamba alephera." Mukanakhala inu mukanatani? Ndinatsitsa sutikesi, tinakweza mkazi wake, ndipo ndinathamanga moti mabulugamu a m'mbali mwa msewu anagona ndi mphepo yanga, fumbi langa n'kufika kuchipatala mawa lake ife titabwerako kale, anamwino n'kumalifunsa kuti likufuna ndani. Mwana anabadwa wamoyo, ndi mnyamata wamtali uja amamanga mabelo ku shedi, kamufunseni ngati akukumbukira.

Basi, kuyambira tsiku limenelo komboni yonse inadziwa kuti pali galimoto. Wolumidwa ndi njoka, Tidzafika. Wolowedwa mankhwala a fodya m'maso, Tidzafika. Ukwati ku Glendale, Tidzafika, anthu kudzazana kumbuyo mpaka matayala akutsogolo ankayenda m'malere, ine n'kumakhota ndi maganizo okha. Pamene ndinkati ndipume ndiyang'ane oyilo, anali bii, tchuthi chatha, nazale za fodya zikufuna madzi. Ndinati, "Chaka chamawa, mayi a Dorika." Anamasula sutikesi, shuga tinamwera tiyi, koma chitenje chija anachibwezera pansi penipeni.

Chaka chamawacho nkhondo ya ku Mozambiki inakula, msewu wa Tete unkadutsika ndi asilikali okha, ena kutsogolo ena kumbuyo, magalimoto opsa ali mbwee m'mbali. Ine nkhondo sindinkaiopa, zipolopolo zikanatipeza bwanji pa liwiro la Tidzafika, koma sevisi ikangotha pakhomo pankagogoda munthu, ndipo oyilo ankada tisanakweze ndi sutikesi yomwe. Chaka ndi chaka zomwezo. Tsiku lina Nachisale akusankha nyemba anati, "Bambo a Dorika, akuti kuli basi yodzera ku Zambia. Bwanji ndipite ndekha ndikawaone amayi? Ndibwera."

Ndinapsa mtima. "Basi? Anthu kumudzi akunditchula mtchona zaka zonsezi, ndiye mkazi wanga akatsike basi ndi kasutikesi ngati mwana wasukulu, galimoto ili pakhomo? Amayi anati adzamvera hutala, sanati adzamvera kondakitala!"

Inu obadwira kuno simungazimvetse zimenezi. Munthu amene anachoka kwawo kalekale akabwerera monga anapitira amamuseka ndi agalu omwe, ndipo ine kusekedwa ndi agalu a ku Dedza ndinakana. Nachisale anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusankha nyemba zake.

Kenako zinafika zaka zija zimene sindikonda kuzikamba, pamene matenda aja analowa m'makomboni n'kuyamba kutola anyamata ndi atsikana, kusiya ife okalamba. Tidzafika inasiya maukwati. Ntchito yake inatsala imodzi, kupita nawo kuchipatala atakhala, kubwera nawo atagona, kenako kuwaperekeza kuseri kwa mabulugamu kumene bwana anatipatsa kamalo koika anthu athu, ife opanda mudzi m'dziko lino. Inanyamula a mpingo, amayi a ku Tete akuimba kumbuyo, inanyamulanso a gule, zilombo zikuthamanga m'mbali fumbi lili koboo, ndipo sinasankhe. Inafika poizolowera ntchitoyo moti mayi akangoyamba kulira kumapeto kwa komboni injini inkadzuka yokha wamthenga asanafike, hutala n'kumalira chapansipansi, ndipo njira ya kumochale inkaidziwa yokha, ine ndinkangokhala pampando manja ali pamiyendo, misozi ikutsika. Mukuti bodza? Kafunseni foromani wakale uja, anakwerapo naye. Ayi, iyeyo ndinamunyamula. Kafunseni a Jailosi, alonda a pageti. Ayi, nawonso ndinawanyamula. Mboni zanga zonse zili kuseri kwa mabulugamu, ndipo zinapita kumeneko pa khola la nkhuku mukunenalo.

Chaka cha chilala chachikulu chija, tikudya ufa wachikasu uja munkati kenya, damu la pulazi linauma mpaka achule ankayenda ndi zigubu kupempha madzi m'makomo. Ladiyeta ikufuna madzi, maliro sakudikira. Ndiye ndinkaima panjira ya kumanda ndi beseni, amayi akamabwerera ndinkapempha mipango yawo n'kuifinya, misozi yokhayokha, ndipo Tidzafika inayenda chilimwe chonse ndi misozi ya komboni ino osatentha ngakhale kamodzi. Mchere wake ukadalimo, kanyambiteni chitsekerero mumve. Ndipo pakati pa zonsezi sevisi sindinadumphitse ayi. Maliro akatha, ine pansi pa galimoto, kukhetsa, kusefa, kupala, kukunga lamba wa fani, kupopa girisi, chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku lina mphuno yake idzaloza kwathu.

Nkhondo ya ku Mozambiki itatha msewu wa Tete unatseguka, ndipo dalaivala wina wa malole, wa kwathu komweko, anatipeza ndi uthenga. Anati apongozi akadali moyo koma maso anafa, ndipo tsiku lililonse ana amawatsogolera kumsewu, amakhala pamwala, galimoto iliyonse ikaliza hutala amafunsa kuti, "Si iwowo?" Nachisale atamva sanalire. N'kuti chifuwa chitamugwira kale, chifuwa cha fumbi la m'shedi yosankhira fodya mmene anagwira ntchito moyo wake wonse, ndipo anali ataonda moti mphete inkavuka yokha. Kuchipatala ndinapita naye, mapiritsi anamwa, koma ankangotsika. Mlungu umene tinaika Fulansisiko, inde, nayenso ndinamunyamula, Nachisale anandiitana ali pamphasa.

"Bambo a Dorika, ndikufuna ndikafere kwa amayi. Oyilo akhale wakuda, akhale wofiira, tiyeni."

Ndinatuluka, ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndinalawa. Anali wowawa, maliro okhaokha. Ndinabwerera m'nyumba n'kunena kuti, "Mundipatse Loweruka lokha, mayi a Dorika. Lamulungu m'mawa tinyamuka, ndalumbira." Anandiyang'ana n'kutembenukira kukhoma.

Sevisi ya Loweruka limenelo, anyamata, sinachitikepo ndipo sidzachitikanso pansi pa thambo. Ndinagulitsa njinga ndi wailesi, ndinathamanga wapansi mpaka m'tauni ya Mvurwi n'kubwerako chithunzithunzi changa chisanafike ndi pageti pomwe, nditanyamula oyilo wa m'chitini, weniweni, woyamba chichokere galimotoyo kwa mzungu, ndi mapulagi atsopano, ndi sefa, ndi lamba. Ndinakhetsa wakale uja, ndipo pamene anatayikira udzu sunamerepo mpaka lero, mukagona pansi n'kutchera khutu mumvapo nyimbo za maliro. Ndinamasula mawilo onse, ndinatsuka mabeling'i, ndinapaka girisi mfundo iliyonse mpaka chitseko chimene chinkalira chiyambire ufulu chinatseka pakamwa. Ndinatsuka thanki ya petulo n'kupezamo sipanala imene inasowa kalekale itabereka tiana tiwiri. Mpweya wa m'mabuleki ndinachotsa ndekha, popeza wopondayo anali pamphasa, phazi langa lili m'kati likuponda, dzanja lili kunsi kwa wilo lakumbuyo ndi sipanala, musandifunse kuti ndinatalika bwanji, munthu akatsala yekha amatalika. Pomaliza ndinakwecha kumbuyo konse ndi sopo ndi phulusa, chifukwa sindinafune kuti mkazi wanga akalowe m'mudzi mwawo pa galimoto yonunkha mabokosi.

Lamulungu m'mawa amayi a pakomboni anamusambitsa Nachisale, anamuveka chitenje chobiriwira chija, mizere ya mopindidwa ikuonekabe, anamunyamula n'kumukhazika pampando wakutsogolo, pilo kumsana. Sutikesi inali kumbuyo, bulangete la apongozi lili momwemo, ndi shuga watsopano. Dorika, mwana wathu mmodzi yekhayo, tinagwirizana kuti timutenga podutsa ku Glendale kumene anakwatiwa. Amayi aja anatitsanzika, ndipo belu litalira, chitsulo cha pulawo chopachika pamtengo chija, onse anapita kutchalitchi kukatipempherera ulendo.

Ndinakhudza kiyi. Kamodzi kokha Tidzafika inadzuka, osapempha ndi fodya yemwe. Nachisale anamwetulira, koyamba pa miyezi yambiri. Ndinaponda kilachi, dzanja lili pa giya, ndiye khutu langali, khutu lotembereredwali, linamva kanthu. Inu simukanamva, ngakhale galu sakanamva. Injini inkalira bwino, koma pakapita kanthawi inkachita kachifuwa kakang'ono, kamodzi, n'kupitiriza. Pomwepo ndinaona mlatho wa Tete m'maso mwanga, dzuwa lili pamutu, galimoto itazima, mkazi wanga akupuma movutika pampando, malole akudutsa osaima.

"Dikirani pang'ono, mayi a Dorika, ndingokhudza kabuleta."

"Pang'ono wanuyo ndimamudziwa," anatero. Sanakwiye ayi, anangotsamira pazenera n'kuyang'ana kumsewu.

Ndinatsegula boneti. Boneti ya magalimoto akale mukuidziwa, ikatseguka imaphimba galasi lonse, wa m'kati sumuona. Ndinapotoza kasikulu ka kabuleta pang'ono, kachifuwa kanachepa. Ndinabweza pang'ono, ndinamvetsera, ndinasuntha distibyuta kamtunda kochepa kuposa tsitsi, ndinamvetseranso, ndinapotozanso, ndipo injini inayamba kutsitsa mawu, kutsitsa, kutsitsa, mpaka ndinaimika khobidi chammbali pamwamba pake osagwa, mpaka gulugufe anatera pa fani ikuzungulira n'kugona tulo, mpaka kunati zii moti ndinamva mbande za fodya zikukula ku nazale, ndinamva chiswe chikutafuna mtanda wa Fulansisiko kuseri kwa mabulugamu, ndinamva, ndikulumbira pali Mulungu, ndodo ya apongozi ikugogoda pamwala ku Dedza. Palibe injini inalirapo chonchija chilengedwere dziko. Ndinafuula kuti, "Mukumva, mayi a Dorika? Mukumva mmene ikulirira?" Sanayankhe, ndipo ine ndinaseka ndekha kuseri kwa boneti, ndinati mayiyu lero wasowa chonena.

Potseka boneti n'kuti dzuwa lili paliwombo, anthu akutuluka m'tchalitchi. Ndinapukuta m'manja, ndinalowa, ndinati, "Tsopano tiyeni kwanu." Anali chitsamire pazenera, maso ali kumsewu, manja atagwira kachikwama pamiyendo. Ndinalowetsa giya. Ndinamugwira dzanja kuti aone tikutuluka pageti, ndipo dzanjalo linali litazizira kale.

Ndinalira, anyamata, sindichita manyazi kunena. Ndinalira ngati mwana, mutu uli pa chiwongolero, injini ikulira bwinobwino pansi panga, yosalala, yopanda kachifuwa ngakhale kamodzi. Amayi ochokera kutchalitchi anatipeza momwemo, pakhomo pomwe anatisiya.

Ndinafuna kupita naye choncho, atakhala pampando pomwepo, koma akuluakulu a komboni anandilanda kiyi, anati mtembo sudutsa zipata ziwiri za m'malire wopanda mapepala, ndipo ife mapepala athu ankathera pageti la pulazi. Ndiye Tidzafika inamunyamula, oyilo watsopano, mapulagi atsopano, thanki yodzaza, kuchoka pakhomo panga kufika kuseri kwa mabulugamu. Mita sinasunthe ngakhale nambala imodzi. Pobwera ndinaiimika pamene ilipo n'kuikweza pa njerwa kuti matayala asawonongeke. Matayalawo ndinabwereketsa kwa anthu a ngolo ya abulu imene ikunyamula maliro masiku ano, batire anadzatenga a ku bhawa kuno komwera mowa kuti azilizira nyimbo, ndipo inafera konkuno.

Dorika anandiuza pamaliro, pamaso pa anthu, kuti ndikanapanda kutsegula boneti amayi ake akanatsirizikira panjira ya kwawo, iye atawagwira dzanja. Chiyambire tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga. Mwana ameneyo adziwa chiyani za injini? Kachifuwa kaja mukuganiza kakanathera pati? Kakanakula pa Nyamapanda, kakanatizimitsa pa mlatho, ndiye bwenzi lero mukunena kuti Layisoni anapha mkazi ndi galimoto yosakonza. Ine galimoto yanga sinafepo panjira ngakhale kamodzi, ndipo amene anaionapo itafa panjira aimirire. Palibe. Mwaona? Kwa apongozi sindinatumize uthenga, ndikawauze chiyani, ndinawalonjeza hutala, sindinawalonjeze wamthenga.

Mpaka lero fodya akagulitsidwa ndimagona pansi pake, ndimakhetsa oyilo woyera ngati uchi amene sanayende ndi phazi limodzi, ndimamusefa pa chipewa, ndimamubwezeramo, ndimapala mapulagi, ndimayeza ndi chikhadabo ichi. Nkhuku zimagonamo, inde, kumbuyo, ndinazilola ndine. Koma inu mukusekanu, bweretsani batire ndi matayala anayi mawa m'mawa, muone ngati dzuwa lilowe ndisanalize hutala ku Dedza, apongozi n'kudzuka pamwala paja. Ndikutengani nonse, petulo ndi wanga. Koma mukwere kumbuyo ndi nkhukuzo. Mpando wakutsogolo uli ndi mwini wake, ndipo ndinamuuza kuti adikire pang'ono.